M'mera Mpoyamba: Ntchito ya Asilikali a M'chiberekero

Tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera likafika, pakhonde la chipatala cha kumudzi pamadzaza dzuwa lisanakwere. Amayi amakhala pamabenchi, ena pansi pa mtengo, mabuku awo a kuchipatala ali m'manja, kudikira kuti anamwino awaitane. Munthu akauyang'anitsitsa mzerewo amaona kuti ambiri mwa amayiwo pathupi pawo mpooneka kale, pa miyezi isanu kapena kuposerapo. Mayi wa pathupi pa miyezi iwiri sapezekapezeka pamzerepo. Iye amakhala ali kumunda kapena kuchitsime, chitenje atamanga monga mwa masiku onse, ndipo nkhani yake sanaiululire munthu, ngakhale apongozi ake amene.

Zifukwa zobisira pathupi nzodziwika. Ena amaopa kuti anthu a mtima woipa angawachite chipongwe. Ena amati pathupi pakadali pang'ono ndi magazi chabe, palibe chimene mzamba angayeze. Enanso amaona kutalika kwa njira, naganiza kuti kuyamba sikelo msanga nkudzichulukitsira maulendo. Komatu miyezi itatu yoyambayo, imene kunja kumaoneka ngati palibe chikuchitika, ndiyo nthawi imene m'chiberekero mumagwiridwa ntchito yaikulu koposa. Ntchitoyo ikayenda bwino, mwana amadya mokwanira mpaka tsiku lobadwa. Ikalakwika, zotsatira zake zimadzaoneka mochedwa, mayi atatupa, magazi akuthamanga, mwana akulephera kukula. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ena mwa ogwira ntchito imeneyi ndi asilikali a m'thupi, amene anthu ambiri amangowadziwa monga olimbana ndi matenda basi.

Funso limene linavuta akatswiri

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselowo saoneka ndi maso. Amaoneka pa makina a maikulosikopu okha. Pafupifupi selo lililonse lili ndi chizindikiro cha mwini wake, ngati chidindo chimene amadinda pa ng'ombe kuti lidziwike khola lake. Asilikali a m'thupi, amene ali maselo oyera a m'magazi, amayendayenda usana ndi usiku kuyang'ana zizindikirozo. Akapeza chachilendo, kaya ndi kachilombo ka matenda, kaya ndi mnofu wa munthu wina, amachithira nkhondo.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, katswiri wina wa ku Britain, Peter Medawar, ankafunafuna njira yothandizira anthu amene anapsa ndi moto. Iye anaona kuti khungu lotengedwa pa munthu wina nkumatidwa pa bala la wodwala limagwira masiku owerengeka, kenaka limafa nkukanganuka, pamene khungu lotengedwa pathupi la wodwala yemweyo limagwira bwinobwino. Anasonyeza kuti chimene chimakana khungu lachilendolo ndi chitetezo cha m'thupi. Ntchito yake pa za chitetezo inampatsitsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 1960.

M'chaka cha 1953 Medawar anafunsa funso limene lakhala likuzunguza akatswiri kufikira lero. Mwana wa m'mimba amatenga theka la chibadwa chake kwa mayi, theka linalo kwa bambo. Ndiye kuti kwa asilikali a mayi mwanayo ndi mlendo, pakuti ali ndi zizindikiro za bambo zimene thupi la mayi silizidziwa. Nanga zimatheka bwanji kuti thupi lomwe limakana kachikopa kakang'ono ka munthu wina lisunge mwana miyezi isanu ndi inayi, nkumamudyetsa?

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti asilikali a mayi woyembekezera amangogona tulo mpaka mwana atabadwa. Kafukufuku waonetsa kuti sizili choncho. Mayi woyembekezera akabayidwa katemera, thupi lake limapanga chitetezo bwino lomwe. Ndipo m'chiberekero, mmene anthu ankayesa kuti asilikali amasamukamo, ndimo amasonkhana ochuluka zedi pa miyezi yoyambirira.

Mlendo afika

Mwezi uliwonse dzira likakhwima, khoma la m'kati mwa chiberekero limakhuthala ndi kufewa, monga munda wokonzedwa kudikira mvula. Chimene chimayambitsa zimenezi ndi timadzi ta m'thupi totchedwa progesterone. Nthawi yomweyo asilikali a mtundu wapadera amayamba kuchulukana m'khomamo. Dzira likapanda kukumana ndi mbewu ya bambo, khomalo limagumuka nkutuluka monga msambo. Likakumana nayo, limatsetsereka kulowa m'chiberekero, ndipo patapita pafupifupi sabata imodzi limadzikwirira m'khoma muja. Pamenepo nkuti lili laling'ono kuposa kambewu ka fodya, ndipo mayi sanadumphe nkomwe msambo.

Kanthu kakang'onoko kamagawika pawiri. Maselo a m'kati ndiwo amadzakhala mwana. Maselo akunja, otchedwa trophoblast, ndiwo amapanga nsengwa. Nkofunika kumvetsa kuti nsengwa inachokera ku dzira lomwe lija limene mwana anachokera, motero nayonso ili ndi zizindikiro za bambo. Magazi a mayi ndi magazi a mwana sayenda mumtsempha umodzi; amangoyandikana m'nsengwa, pakati pawo pali kachikopa kopyapyala kamene chakudya ndi mpweya zimadutsira. Choncho amene amaonana maso ndi maso ndi asilikali a mayi ndi maselo a nsengwa.

Maselo a nsengwawo amalowerera m'khoma la chiberekero ngati mizu ya mtengo, koma amalowa mwaulemu. Zizindikiro zambiri zimene zimautsa nkhondo pa khungu lachilendo iwo sazionetsa ayi. Amaonetsa zochepa chabe. Chimodzi, chotchedwa HLA-G, chimafanana pafupifupi mwa anthu onse, ndipo chimafatsitsa asilikali. China, chotchedwa HLA-C, chimasiyana munthu ndi munthu, ndipo ndicho chimene chimaulula kuti mlendoyo ngwa kwa yani.

Zimene zimachitika pamenepa zikufanana ndi za mkamwini wofika kumene pamudzi wa mkazi wake. Eni mudzi samupirikitsa, komanso samulekerera kuti alime paliponse pamene wafuna. Amamulandira, amamulozera munda, namuonetsanso malire ake.

Magulu atatu

Pa miyezi itatu yoyamba, pa maselo 10 alionse a m'khoma la chiberekero, atatu kapena anayi amakhala asilikali. Asilikaliwo ali m'magulu akuluakulu atatu.

Gulu loyamba, lomwe ndi lalikulu, ndi la asilikali otchedwa NK. Pa asilikali 100 alionse a m'khomamo, pafupifupi 70 ndi a gulu limeneli. Dzina lawo lonse pa Chingerezi ndi natural killer, kutanthauza kuti wakupha mwachibadwa. Anadziwika koyamba m'chaka cha 1975, ndipo anapatsidwa dzina loopsali chifukwa kwina konse m'thupi ntchito yawo nkupha maselo amene agwidwa ndi mavairasi kapena khansa. Abale awo a m'chiberekero nawonso zida ali nazo, koma maselo a nsengwa sawapha. M'malo mwake amatulutsa timadzi toitana maselo a nsengwa, towatsogolera kumene kuli mitsempha ya magazi, ndiponso tofewetsa makoma a mitsemphayo. Amachuluka kwambiri pa miyezi itatu yoyamba, ndipo pathupi pakapitirira theka amayamba kuchepa, ntchito yawo yaikulu itatha.

Ntchito ya ulonda sanaitaye. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku Boston, m'dziko la America, anaonetsa kuti tizilombo tina tikalowa m'selo la nsengwa, msilikali wa NK amatha kulowetsa mankhwala ake m'selomo nkupha tizilomboto, selo la nsengwalo nkutsala lamoyo.

Gulu lachiwiri ndi la asilikali otchedwa macrophage, amene ali pafupifupi 20 pa 100 alionse. Awa ndi osesa. Pamalo pamene pakugumulidwa ndi kumangidwa sipalephera kukhala zinyalala. Iwo amameza maselo akufa pamodzi ndi tizilombo tolowerera, kuti m'chiberekero musabuke kutupa kumene kungaononge nsengwa.

Gulu lachitatu ndi la asilikali otchedwa T, amene ndi otsalawo. Mtundu umenewu ndiwo uja umakana khungu lachilendo, choncho ukanatha kukhala woopsa kwa nsengwa. Koma pakati pawo pali ena amene ntchito yawo nkuletsa ndewu, monga amachitira ankhoswe. Katswiri wa ku Japan, Shimon Sakaguchi, anawafotokoza m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2025 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi akatswiri ena awiri a ku America. Kufunika kwa oletsa ndewuwa pa nthawi ya bere kunaoneka m'chaka cha 2004 ku Cambridge, ku England. Akatswiri atawachotsa m'thupi la mbewa zazikazi zimene zinatenga bere kwa mbewa zazimuna za mtundu wina, bere linkachoka.

Kukuza ngalande

Ntchito yaikulu ya magulu onsewa ndiyo kutsegulira mwana njira ya magazi. M'khoma la chiberekero muli timitsempha topotanapotana, topapatiza, tokhala ndi minofu yotha kufinya. Timitsemphato timakwanira pa zosowa za mwezi ndi mwezi, koma sitingadyetse mwana wolemera makilogalamu atatu. Pathupi pakatsala pang'ono kutha, magazi opita kuchiberekero amafika theka la lita kapena kuposerapo pa mphindi iliyonse, kumene kuli kuchuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi nthawi imene mayi alibe pathupi.

Mlimi wa kudimba amadziwa kuti ngalande yopapatiza imabweretsa madzi ochepa, ndipo ochepawo amatuluka mwaliwiro nkukokolola mbande. Ngalande yotakata imabweretsa madzi ambiri oyenda mwakachetechete. M'chiberekero zilinso chimodzimodzi. Asilikali a NK ndi a macrophage amayamba kufewetsa minofu ya timitsempha tija. Kenaka maselo a nsengwa amafika, nalowa m'makoma a timitsemphato nkuwamanganso mwatsopano. Potsiriza pake kamtsempha kamene kanali kopapatiza kamasanduka kotakata kukamwa kwake, kosathanso kufinya, ndipo magazi amafika ku nsengwa ochuluka koma modekha.

Chodabwitsa nchakuti pa masabata oyambirira maselo a nsengwa amayamba atseka kukamwa kwa timitsemphato, poti kamwana kanthete sikangapirire mphamvu ya magazi ndi mpweya wochuluka. Nthawi imeneyo kamadya timadzi tonona totuluka m'khoma la chiberekero. Pakakwana masabata 10 mpaka 12, kuwerenga kuchokera pa msambo wotsiriza, zotsekazo zimachoka ndipo magazi amayamba kuyenda mokwanira. Apo nkuti mwana ali wotalika ngati chala cha munthu wamkulu. Ntchito yokuza mitsempha imapitirira mpaka cha pakati pa nthawi ya pathupi.

Malire nawonso ngofunika. Pamalo pamene khoma lofewa lija ndi asilikali ake palibe, monga pa chipsera cha opaleshoni yakale, nsengwa imatha kulowa mopitirira mpaka m'minofu ya chiberekero. Nsengwa yotere imakana kutuluka mwana akabadwa, ndipo mayi amataya magazi ambiri. Nchifukwa chake mayi amene anaberekapo pa opaleshoni ayenera kunena zimenezi pa ulendo woyamba wa kusikelo, ndipo ayenera kukachirira kuchipatala chachikulu.

Ntchito ikathera panjira

Nthawi zina maselo a nsengwa salowa mokwanira, ndipo mitsempha imatsala yopapatiza. Pa miyezi yoyamba palibe chimene chimaoneka, chifukwa mwana akadali wamng'ono ndipo zosowa zake nzochepa. Vuto limadza mwana akamakula. Nsengwa imamva njala ya magazi, mwana amapinimbira, mwinanso amafera m'mimba. Nsengwa yovutikayo imatulutsa zinthu zina m'magazi a mayi zimene zimapweteka mitsempha ya thupi lonse, kuphatikizapo ya impso, ya chiwindi ndi ya ubongo. Nthenda imeneyi madokotala amaitcha pre-eclampsia, ndiko kuthamanga kwa magazi kodza ndi pathupi. Imaoneka pathupi pakapitirira masabata 20, ndipo pa dziko lonse imagwira amayi awiri mpaka asanu ndi atatu pa oyembekezera 100 alionse. Ikalekereredwa mayi amagwa ngati wakhunyu, ndipo moyo wake ndi wa mwana umakhala pangozi. Pamodzi ndi kutaya magazi ndi matenda olowa pobereka, nthendayi ndi imodzi mwa zimene zimapha amayi ambiri pa uchembere.

Chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba mayi samva kupweteka kulikonse. Chimene chimaulula nthendayi ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi akasonyeza 140 pa 90 kapena kuposerapo, ndiponso kuyeza mkodzo.

Akatswiri apeza kuti kumvana kwa asilikali a mayi ndi maselo a nsengwa kuli ndi mbali pa nkhaniyi. Msilikali wa NK ali ndi tizigawo tomvera, totchedwa KIR, timene amakhudzira chizindikiro cha HLA-C chija. Tomvera timeneti timasiyana mayi ndi mayi, monganso chizindikirocho chimasiyana mwana ndi mwana. Tina timauza msilikali kuti agwire ntchito, tina timamuuza kuti aleke. M'chaka cha 2004 gulu la Ashley Moffett ku Cambridge linaonetsa kuti mayi wa tomvera toletsa kwambiri akakhala ndi mwana wa mtundu wina wa HLA-C, ngozi ya pre-eclampsia imakwera. Apa phunziro linali lakuti vuto limadza asilikali akafooka pa ntchito yawo yotsegula njira, pamene kale anthu ankaopa ukali wawo.

Dokotala wa amayi wa ku Uganda, Annettee Nakimuli, wa pa sukulu ya ukachenjede ya Makerere, anafufuza nkhani yomweyi pa amayi oposa 700 pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2015. Anapeza kuti amayi ena a mu Africa ali ndi tomvera tina towateteza ku nthendayi, tosiyana ndi timene timateteza amayi a ku Ulaya.

Nthendayi imakonda mimba yoyamba. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Jerusalem anapeza kuti m'chiberekero cha mayi amene anakhalapo kale ndi pathupi mumapezeka asilikali a NK okhala ngati ozolowera ntchito, otulutsa timadzi tambiri tokuza mitsempha. Enanso amene ali pangozi yaikulu ndi amayi a mapasa, a zaka 40 kapena kuposerapo, odwala shuga, impso kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amene anadwalapo nthendayi pa mimba yam'mbuyo.

Pamenepa mabanja ayenera kumvetsa chinthu chimodzi. M'midzi mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, ena amati ali ndi mapasa, ena amati ndi tsempho, ndipo amayamba kufufuza amene walakwa m'banjamo. Masiku amathera pa milandu ndi pa zitsamba, magazi akukwererakwerera. Kunena zoona, mayi sasankha tomvera ta asilikali ake, ndipo bambo sasankha chizindikiro chimene apatsira mwana. Palibe wolakwa. Banja lomwelo limene lavutika pa mimba iyi likhoza kudzakhala ndi mimba ina yopanda vuto.

Nkhani ya kupita padera ilinso chimodzimodzi. Pa mimba 100 zodziwika, pafupifupi 15 zimachoka, zambiri pa miyezi itatu yoyamba. Mwa zochoka msangazo, pafupifupi theka zimachoka chifukwa chibadwa cha kamwanako chinasokonekera pachiyambi pomwe, kotero kuti sikakanatha kukula. Mayi wopita padera ayenera kupita kuchipatala kuti akamuone ngati m'chiberekero mwayera, ndipo zikamachitika mobwerezabwereza afunika kuyezedwa bwino. Mankhwala amene amalonda amayenda nawo m'misika, namati amaonjezera chitetezo kapena amalimbitsa chiberekero, palibe umboni woti amathandiza asilikali a m'chiberekero. Ntchito ya asilikaliwa imafuna muyeso, ndipo kuwaonjezera ukali sindiko kuwathandiza.

Malungo obisala m'nsengwa

Mdani wamkulu wa nsengwa kuno ndi malungo. Munthu amene anakulira kudera la malungo amakhala ndi chitetezo ndithu, koma mtsikana akatenga mimba yoyamba chitetezocho chimaperewera. Chifukwa chake chinadziwika m'chaka cha 1996, pamene Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito ku Kisumu m'dziko la Kenya, anaonetsa kuti pali tizilombo ta malungo timene timachititsa maselo ofiira a magazi kumatirira m'nsengwa. Thupi limene silinakhalepo ndi nsengwa silinakumanepo ndi malungo a mtundu umenewu, motero asilikali ake sawadziwa. Pa mimba zotsatira thupi limakhala litaphunzira, ndipo ngozi imachepako, ngakhale kuti siitheratu.

Tizilomboto tikadzaza m'nsengwa, asilikali a m'magazi amakhamukira komweko kukamenya nkhondo, ndipo nkhondoyo imasokoneza njira ya chakudya cha mwana. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotsogoleredwa ndi Stephen Rogerson, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2003, anapeza kuti amayi amene nsengwa zawo zinadzaza ndi asilikali otere ankachepa magazi ndipo ankabereka ana ochepa sikelo. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka amadwaladwala, ndipo moyo wake umakhala pangozi. Choopsa nchakuti mayi akhoza kukhala ndi malungo m'nsengwa thupi lisakutentha nkomwe.

Potsatira kafukufuku amene anayamba ku Mangochi m'chaka cha 1987, dziko la Malawi m'chaka cha 1993 linakhala loyamba kukhazikitsa lamulo lopatsa amayi oyembekezera mankhwala a Fansida oteteza ku malungo. Mankhwalawa amayamba kuperekedwa miyezi itatu yoyamba ikatha, kuyambira sabata ya 13, ndipo amamwedwa katatu kapena kuposerapo, motalikirana mwezi umodzi. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansida. Tsono popeza pa miyezi itatu yoyamba Fansida saperekedwa, chishango cha mayi pa nthawi imene nsengwa ikumangidwa ndicho kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse. Thupi likatentha ayenera kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, osagula mankhwala pagolosale.

Chifukwa choyambira sikelo msanga

Palibe mzamba amene angalowetse dzanja m'chiberekero nkukakuza mitsempha. Chimene chipatala chingachite ndicho kuchotsa zopinga pa nthawi imene ntchitoyo ili m'kati, ndi kuzindikira msanga ngati yalakwika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, m'chaka cha 2016 linalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba iliyonse, ndipo ulendo woyamba uchitike masabata 12 asanathe.

Pa ulendo woyambawo mayi amayezedwa kuthamanga kwa magazi, kuti anamwino adziwe mmene magazi ake amayendera masiku onse, nkudzatha kuzindikira akayamba kukwera. Amayezedwa chindoko ndi HIV. Chindoko chimadutsa m'nsengwa nkupha kapena kulemaza mwana, chikhalirecho jekeseni wa penisilini amachichiza. Bambo nayenso ayenera kulandira mankhwala. Mayi wopezeka ndi HIV akayamba msanga ma ARV, asilikali ake amalimba ndipo mwana amatetezeka. Amalandiranso neti, ndi mapiritsi oonjezera magazi okhala ndi folic acid, amene amafunika kwambiri pa masabata oyambirira, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika.

Mayi amene ali pangozi ya pre-eclampsia adokotala akhoza kumuyambitsa aspirin wochepa mphamvu, wa mamiligalamu 75 tsiku lililonse. Mankhwalawa amathandiza kwambiri akayambidwa cha pa masabata 12, pathupi pasanafike masabata 20. Mayi wofika kusikelo pa mwezi wachisanu ndi chimodzi amapeza mwayi umenewu utadutsa. Koma aspirin asamwedwe popanda kulamulidwa ndi achipatala.

Katemera wa kafumbata naye amadalira nsengwa yabwino. Mayi akabayidwa, asilikali ake amapanga chitetezo, ndipo nsengwa imachiolotsera kwa mwana, makamaka pa miyezi itatu yotsiriza. Motero mwana amabadwa atavala kale chishango cha mayi wake. Fodya ndi mowa, kachasu ndi masese omwe, zimapweteka nsengwa ndi mwana, ndipo nzoyenera kuzileka.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la sikelo: mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa kwa nkhope ndi manja, kupweteka pamwamba pa mimba cha pansi pa nthiti, kukomoka, kutaya magazi, kutentha thupi, ndiponso mwana kuleka kugunda. Chimodzi mwa izi chikaoneka, mayi anyamulidwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Kuchipatala kuli mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndi jekeseni wa magnesium sulphate amene amaletsa kugwa kuja.

Mayi woopa maso a anthu adziwe kuti kupita kusikelo sindiko kulengeza pathupi pamudzi. Anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo ali ndi udindo wosunga chinsinsi. Bambo amene mkazi wake wadumpha msambo kawiri ayenera kumuperekeza, ndipo apongozi, anamkungwi ndi mafumu ayenera kulimbikitsa amayi achitsikana kuti asadikire mpaka chitenje chitayamba kuthina. Pamene pathupi payamba kuonekera kwa anthu odutsa m'njira, asilikali a m'chiberekero amakhala atatsala pang'ono kutsiriza ntchito yawo. Nthawi yowathandiza ndi miyezi itatu yoyamba.